Popani, Gwirani

Lachiwiri lija, ndikutsetsereka ku Chilobwe,
njerwa mazana asanu kumsana,
ndinaponda buleki, phazi linangolowa
ngati m'matope a mu Mudi.
Kamwana ka yunifolomu yabuluu
kanadutsa kakuyamwa fulizesi,
osadziwa kuti dzina lake
linatsala pang'ono kumveka pa wailesi.
Chinandiimitsa ndi mulu wa mchenga wa eni ake.

N'chifukwa chake ndili kuno ku Ndirande,
pansi pa malata a Che Msusa,
pikapu ya malemu bambo itatukula mbuyo
pa jeke ndi zitsa ziwiri za bulugamu.

Dramu inakana kuchoka.
Zaka makumi atatu ili pa ukwati ndi dzimbiri.
Anaigogoda ndi hamala mozungulira, modekha,
ngati pa khomo la munthu wangongole,
mpaka inagonja,
fumbi lakuda n'kukhuthukira pa mapazi athu:
la ku Lunzu, la ku Bangwe, la ku Chadzunda,
la malo onse amene bambo anaima bwinobwino
popanda wowaombera m'manja.

Taonani mayi, anatero.
Nsapato za buleki zapyapyala
ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi.
Silinda ikulira misozi ya oyilo.
M'kati mwa dramu muli mizere
yoti mutha kudzalamo chimanga.
Tikhoza kumata zikopa zina
mukafike nazo pa Khirisimasi,
koma katundu mumasenza inuyu
si wa kadramu aka.
Tiikepo zazikulu.

Zazikuluzo zinachokera kuseri kwa msika,
kumene magalimoto amagulitsidwa chiwalochiwalo.
Zinali za pikapu ina, yaing'ono msinkhu kwa yanga,
imene inathera m'phompho pa njira ya ku Chikwawa.
Ndinafunsa: ngati zinali zabwino,
nanga inagwa bwanji?
Che Msusa anapukuta girisi pa ovolosi.
Buleki sidziponda yokha, mayi.
Mwini wake anagona.

Mtengo wake sindinena.
Akudziwa ndi amayi a banki mkhonde
amene adzandiyang'ane Loweruka lililonse
mpaka mvula itagwa.

Sakwata, mnyamata wophunzira ntchito,
analimbana ndi sipiringi, lilime lili kunja.
Inamupulumuka, nkwee,
tonse atatu n'kugwada m'ngalande
kusaka kachitsulo kochepa ngati chala
kamene pakapanda iko
tani yonse siima.
Anakapeza ndi mayi wogulitsa chinangwa,
pansi pa beseni lake.

Mabawuti anayi analowa.
Nsapato zatsopano, zotakata ngati chikhatho,
zinakhala m'malo mwake.
Waya wa handibuleki unafupika,
anautalikitsa akung'ung'udza m'Chiyao.

Kenako anati kwerani.
Ndinakhala pa mpando umene unasunga
dzenje la thupi la bambo,
iye atagona chagada pansi panga, sipanala m'manja.

Popani!
Ndinapopa.
Gwirani!
Ndinagwira, phazi n'kumira.
Popani!
Gwirani!
Mpweya umene unabisala m'mapaipi
unatuluka thovuthovu m'botolo la Sobo,
umodziumodzi, ngati mabodza
a munthu wofunsidwa kachitatu.

Sindikudziwa kanali kachingati
pamene chitsulo chinandikankha phazi.
Chinalimba.
Chinandiyankha.
Ndinakhala choncho, ndikupondabe,
ngakhale anali atanena kale kuti basi.

Tinakayesa pa mtsetse wa ku Nyambadwe,
Sakwata ndi anzake anayi kumbuyo m'malo mwa njerwa.
Ndinaponda kamodzi.
Onse asanu anakumbatira kabini
akutukwana mosangalala.

Dramu imodzi yakale Che Msusa anatenga,
ati ikhala mbaula.
Inayo ili pansi pa mpando wanga,
imalira ndikagunda bampu.
Ndamva kuti pa sukulu ija
belu lawo linang'aluka.
Mawa ndidutsirako ndisanakatenge njerwa,
ndifunse ngati ali ndi waya
ndi nthambi yolimba.